Nyanja ya Mchere

Pansi pa galasi m'shopu yanga yometera tsitsi ku Chamboli pamakhala buku lachikuto cholimba. Masamba oyambirira ndi a ngongole, mayina a anthu amene anameta n'kunena kuti abweretsa mawa. Koma ukalitembenuza n'kuyambira kumapeto, upeza tsamba lolembedwa ZANZIBAR ndi bolopeni yofiira. Pansi pake pali manambala amene ndakhala ndikulemba, kufufuta ndi kulembanso kuyambira Januwale 2023.

Mnzanga wina wa ku Wusakile, Mubemba, analipeza tsiku lina akufunafuna chaja. Anaseka mpaka anakhala pansi. Paja ife akum'mawa ndi Abemba tili pachimbuya, timanyozana popanda mlandu.

"Mbewa zatha ku Katete kuti mukazifune pamchenga?" anatero.

Ndinamuuza kuti ayambe wasiya kudya anyani. Iye sanagonje. "Chabwino. Koma mumati mumalankhula Chinyanja. Nanga nyanja yake ili kuti? Unaionapo?"

Apo ndinasowa choyankha. Ndinabadwira mu Kitwe mu 1996, ndipo madzi aakulu amene ndinali nditawaona ndi a Kafue pamlatho wa msewu wa ku Ndola, ndi damu la Mindolo kumene tinkathawira kukasambira tili ana. Dziko lathu lazunguliridwa ndi mayiko 8, gombe la nyanja yamchere tilibe. Chodabwitsa n'chakuti nyanjayo timachita nayo malonda tsiku ndi tsiku. Imani pamsewu wa Kitwe ndi Ndola, muwerenge mathiraki onyamula mkuwa opita ku Nakonde mpaka kudoko la Dar es Salaam. Paipi ya mafuta ya TAZAMA yakhala ikuchokera kudoko lomwelo kudzathera ku Ndola kuyambira 1968, mtunda wa makilomita 1,710. Salaula amene tavala anawoloka nyanja. Minibasi imene timakwera inawoloka nyanja. Zonse zimapita ndi kubwera, kupatula ife.

Ulendowu si wanga kwenikweni. Ndi ngongole ya atate.

Atate anachoka ku Katete mu 1978 kudzalowa ntchito ya pansi pa mgodi ku Nkana, amai n'kuwatsatira chaka chotsatira. Nthawi imeneyo njanji ya TAZARA inali ikadali yatsopano, poti inatha kumangidwa mu 1975 ndi thandizo la dziko la China. Mnzawo wina wa pantchito anakwera sitimayo mpaka ku Dar es Salaam, nawolokera ku Zanzibar, ndipo pobwera anawapatsa chigoba chachikulu cha nkhono ya m'nyanja. Chigobacho chakhala m'kabati ya mbale za alendo moyo wanga wonse. Tili ana tinkachiika kukhutu, amai akatuluka, kuti timve mkokomo wa m'kati mwake.

Amai amati atate ankakonda kunena kuti, "Mkuwa umene ndimakumba ine wafika kale kunyanja. Ndikapuma ntchito tidzautsatira. Tidzakwera pa Kapiri, awiriwiri."

Sanautsatire. Livi ya munthu wa pamgodi inali ndi njira imodzi yokha: kumudzi, atanyamula shuga, sopo ndi mabulangete a makolo. Migodi itagulitsidwa mu 2000, atate anali m'gulu la amene ntchito inawathera, ndipo ndalama zawo zambiri zinalowa m'nyumba ya mgodi imene tikukhalamo mpaka lero. Zotsala zinatilipirira sukulu. Anamwalira mu 2011, chifuwa chitawavuta zaka zingapo. Patsiku lochotsa zovala zawo amai anatulutsa chigoba chija, anachipukuta ndi chitenje, n'kuchibwezera pamalo pake osanena kanthu. Ndinali ndi zaka 15, koma ndinaona.

Nditatsegula shopu yanga ndinati ngongole imeneyi ndiibweza ine, chitsirizira.

Kukonza ulendo ulibe ndalama ndi ntchito ya usiku, pamene bundle imatchipa. Ndinayamba ndi njira. Ndege ndinaichotsa msanga, ngakhale kuti Ndola ili ndi bwalo latsopano la Simon Mwansa Kapwepwe limene linatsegulidwa mu 2021. Mtengo wake si wa wometa tsitsi, komanso atate anati pa Kapiri. Choncho basi kuchoka ku Kitwe, kudutsa Ndola, mpaka Kapiri Mposhi. Kuchokera apo sitima, makilomita 1,860, kugona m'njira kawiri: Serenje, Mpika, Kasama, Nakonde. Ukawoloka kulowa Tunduma wotchi imapita patsogolo ndi ola limodzi, kwacha imasanduka mashilingi, ndipo ku Mbeya kumazizira chifukwa ndi kumapiri. Chakumapeto njanji imadutsa m'nkhalango ya nyama, moti ukakhala ndi mwayi kuti kwacha umaona nyamalikiti pawindo. Ndinaphunziranso kuti m'mabogi ogona amuna ndi akazi amawapatula, pokhapokha mutalipira chipinda chonse. Ichi ndinachilemba ndi funso pambali, chifukwa amai sanagonepo pakati pa anthu achilendo.

Ku Dar es Salaam umakwera boti, pafupifupi maola awiri. Ife a ku Zambia sitifunika viza polowa mu Tanzania, koma pasipoti ndi yofunika, ndipo ukafika ku Zanzibar amaionanso ngakhale kuti ndi dziko limodzi. Zilumbazi zinaphatikizana ndi Tanganyika pa 26 Epulo 1964, miyezi 6 ife tisanalandire ufulu, koma zinasunga boma lawolawo ndi pulezidenti wawo.

Ine ndinkaganiza kuti Zanzibar ndi chilumba chimodzi. Ndi gulu la zilumba. Chachikulu ndi Unguja, kumene kuli mzinda wakale wa Stone Town. Kumpoto kuli Pemba, kwawo kwa mitengo ya karafuu, ndiye pali tina ting'onoting'ono monga Tumbatu ndi Changuu. Mvula yaikulu imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, choncho ndinasankha Julayi, nthawi ya mphepo ya kumwera imene iwo amaitcha kusi. Anthu ambiri kumeneko ndi Asilamu, ndipo alendo amapemphedwa kuvala modzilemekeza m'tauni ndi m'midzi. Nditawauza amai zimenezi anati, "Bola. Ndimaopa kuti ukanditengera kwa anthu oyenda maliseche aja a pafoni yako."

Gombe ndinasankha la kum'mawa, mudzi wa Jambiani. Kumeneko nyanja imaphwa kawiri patsiku, madzi amabwerera kutali kusiya mchenga woyera, ndipo azimayi amalowa kukalima ndere za m'nyanja zimene amazitcha mwani. Amakhoma zikhomo, amamanga zingwe, mbewu n'kumakulira pazingwepo. Amai, mwana wa mlimi wa mtedza, apa ndi pamene anakhala tsonga.

"Munda m'madzi? Nanga amapalira bwanji?"

"Mukawafunsa nokha, amai."

"M'chilankhulo chanji?"

"Chiswahili si chapatali. Madzi amati maji, mvula amati mvua, nyumba ndi nyumba, nyama ndi nyama."

"Ndiye tikamvana," anatero.

Mitengo ndiyo inkandidula miyendo. Mlendo wakunja amalipira zambiri m'madola: boti, malo ogona, zolowera m'malo akale. Ndinayamba kuwerengera chilichonse m'mitu ya anthu. Ndimameta K25 mutu umodzi. Pa 1 Okutobala 2024 boma la Zanzibar linayambitsa inshuwalansi imene mlendo aliyense ayenera kugula, ndipo nthawi imeneyo inali madola 44 munthu mmodzi. Anthu awiri ndi madola 88. Dola inali itadutsa K26, ndiye kuti mitu yoposa 90, tisanadye, tisanagone, phazi lisanakhudze mchenga. Zonse pamodzi ndinapeza K22,000. Ndinalowa chilimba cha anyamata 10 a pamsika, ndipo Loweruka lililonse ndinkaika kenakake pafoni osakakhudza.

Usiku wina, ndikufufuza malo otchipa ogona mu Stone Town, ndinakumana ndi nkhani imene kusukulu tinangoidutsa pothamangira mayeso. Pakati pa mzindawo pali tchalitchi chachikulu cha Anglican chimene chinamangidwa pamalo pamene panali msika wa akapolo. Msikawo unatsekedwa mu 1873. Ambiri mwa anthu amene ankagulitsidwa pamenepo ankachokera kuno kumtunda, m'madera ozungulira nyanja ya Malawi: Anyanja, Achewa, Ayao ndi ena. Ankawawolotsa pa Nkhotakota, kwa Jumbe, kuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa, kenako m'zombo kupita ku Unguja. Mchenga umene ndinkauona pazithunzi, anthu olankhula ngati agogo anga anaupondapo ali m'magoli.

M'tchalitchimo muli mtanda waung'ono umene unasemedwa kuchokera ku mtengo wa kwa Chitambo, kuno kwathu kufupi ndi Serenje, pamene anakwirira mtima wa David Livingstone atamwalira pa 1 Meyi 1873. Susi, Chuma ndi anzawo ananyamula mtembo wake wapansi kwa miyezi pafupifupi 9 mpaka kugombe ku Bagamoyo. Ine ndinali kudandaula za masiku awiri pasitima.

M'mawa ndinawafotokozera amai. Anakhala chete kwa nthawi, akusankha nyemba.

"Ndiye kuti abale athu anafikako kale," anatero. "Koma osaitanidwa, osabwerera."

"Inde, amai."

"Lemba kuti tikapitenso kutchalitchiko. Munthu sudutsa pamanda a abale ako ngati sukuwadziwa."

Ndinalemba. Kuyambira tsiku limenelo tsamba lija linasiya kukhala la mchenga wokha.

Pofika Juni 2024 ndinali ndi K9,300. Ndiye chaka chija chinationetsa mano. Mvula inali itakana, ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema anali atalengeza kale pa 29 Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Madzi atachepa ku Kariba, malaiti anayamba kupita tsiku lonse n'kubwera pakati pausiku. Wometa wopanda malaiti ndi munthu wongokhala. Ndinatapa m'bukumo kugula makina a batire ndi kasola kakang'ono. Thumba la ufa la makilogalamu 25 linadutsa K300. Amalume anaimba kuchokera ku Katete kuti m'nkhokwe mulibe kanthu. Ndinatapanso.

Ndipo m'mawa wina ndinaona amai akutsanulira tiyi pambali pa kapu. Anapukuta msanga, poganiza kuti sindinaone. Sabata yomweyo anandipatsa singano kuti ndiwalowetsere ulusi, munthu amene anatisokera mayunifomu tonse asanu. Kuchipatala anati ndi ng'ala, maso onse awiri, lakumanja ndilo lapitirira.

Alongo anga aakulu amakhala ku Chifubu ku Ndola, amagulitsa tomato pa Masala. Atamva anakwera basi tsiku lomwelo. Sindikudziwa amene anawauza za buku langa.

"Iwe, uli ndi nzeru? Amai akuthira tiyi pathebulo, iwe ukusungira ndalama mchenga?"

"Asisi, sindinakane kulipira kuchipatala."

"Si za kukana. N'chifukwa chiyani unali nazo n'kukhala chete? Ine ndimadzuka 04:00 kukaoda tomato. Zanzibar! Ndiwe mzungu iwe?"

Mawu omalizawo ndiwo anandilowa. Za diso ankanena zoona, ndipo ndinachita manyazi kuti ndinaona mochedwa. Koma funso lawo linali lina, ndipo ndalimva kwa anthu ambiri m'komboni. Ife timayenda pa zifukwa zitatu: maliro, ukwati, ndi kukaoda katundu. Ukanena kuti ukupita ku Nakonde kukatenga mpunga ndi nsapato, aliyense amakufunira ulendo wabwino. Ukanena kuti ukupita ku Chipata kukaika azakhali, anzako amakusonkhera ya basi. Koma nena kuti ukupita kukaona chabe, kukakhala pansi n'kuyang'ana madzi, nkhope zimasintha. Ayamba kufunsa kumene wapeza ndalama, kapena amene wamumana kuti upite. Munthu amene amamwa K200 Loweruka lililonse palibe amene amamuitanira msonkhano wa banja. Amene wasunga K200 yomweyo kuti akaone dziko ndiye wodzikuza.

Sindikunena kuti alongo anga ndi oipa mtima. Anakula nthawi imene atate ntchito inawathera, anasiya sukulu mu giredi 10 kuti ife tipitirize. Kwa iwo ndalama yosungidwa ndi ya tsiku la tsoka, ndipo tsokalo silinalepherepo kubwera. Ndi mmene atate anakhalira, ndi mmene ambiri timakhalira. Koma ndinkaganiza za munthu amene anakhala zaka 22 pansi pa nthaka, kutulutsa chuma chimene chinayenda dziko lonse lapansi, iye mwini osaona ngakhale doko limene chimakwerera. Kodi anali kudikira tsiku liti lopanda tsoka?

Amai anali kuchipinda, ndipo nyumba za mgodi zilibe chinsinsi. Anatuluka akugwira khoma.

"Mwatha?" anafunsa. Tinakhala chete. Anayamba ndi ine. "Diso liyambe. Nyanjayo ndikaiona ndi chiyani?" Kenako anatembenukira kumene kunkachokera mawu a alongo anga. "Ndipo iwe, m'siye mwana. Atate ako sanandilonjeze chipatala. Chipatala ndinapita nawo kokwanira."

Usiku umenewo anandiitana, namasula mfundo ya pachitenje, n'kundipatsa K20. "Ika m'buku muja. Tsambalo usang'ambe."

Diso lakumanja analichita opaleshoni mu Okutobala. Zoyendera, zoyezetsa, mankhwala odontheza ndi magalasi zinadya pafupifupi zonse zimene zinatsala. Tsiku lochotsa bandeji ndinali nditaima kutsogolo kwawo, mtima uli m'mwamba. Anaphethira kangapo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiwe wometa anthu iwe? Ndevu zimenezi?"

Nesi anaseka, ine ndinatuluka panja kukapukuta m'maso.

Pofika Isitala ya 2025, malaiti atayamba kukhalako pang'ono ndipo chilimba chitandigwera, m'buku munali K3,800. Ya Zanzibar inali kutali. Mnzanga wa ku Wusakile uja ndiye anati, "Pita nawo kwathu ku Samfya. Ayambe aona nyanja ya anthu, asanaone ya azungu." Ndinawauza amai, anavomera. Chimene sindinayembekezere n'chakuti alongo anga anaimba kuti nawonso apita, adzilipirira okha. Anati n'chifukwa cha mankhwala a m'maso, ine sindingakumbukire nthawi yake.

Tinadzera njira yaitali. Pa Kapiri Mposhi basi inakhotera kumpoto, ndipo kwa maola angapo njanji ya TAZARA inkaoneka n'kubisala m'tchire pambali pa msewu. Amai anaitsatira ndi diso lawo latsopano mpaka titapatuka kupitirira Serenje. Msewu wa ku Samfya umadutsa m'dziko la Chitambo, ndiye ndinawakumbutsa za mtanda uja. Tinawoloka Luapula pamlatho wautali wa Mukuku, madambo mbali zonse, ndipo tinafika kutada.

M'mawa tinatsikira kugombe. Mchenga wa ku Samfya ndi woyera ngati ufa wa bulekifasi, ndipo Bangweulu ukaiyang'ana suona tsidya. Amati dzinalo limatanthauza pamene madzi akumana ndi thambo. Nayonso ili ndi zilumba zake, Mbabala, Chishi ndi Chilubi, ndipo maboti anali kupakira anthu, njinga ndi matumba a ufa opita kumeneko. Ndinachita manyazi pang'ono kuti ndinadziwa mayina a Pemba ndi Tumbatu ndisanadziwe awa.

Amai anavula nsapato, anakwinya chitenje mpaka m'mawondo, n'kulowa. Anaima nthawi yaitali, mafunde ang'onoang'ono akuwamenya m'miyendo. Palibe anawalankhula. Kenako anawerama, anatunga madzi m'dzanja, analawa.

"Ilibe mchere," anatero.

"Iyi ndi ya madzi akumwa, amai."

"Ndi yokongola. Ndathokoza, mwana wanga. Koma atate ako anati ya mchere."

Nditacheuka kuti ndione ngati alongo anga amva, sanali pamene ndinawasiya. Anali m'madzi mpaka m'chiuno, ndi diresi yawo ya kutchalitchi, akuwaza ana a eni ake n'kumakuwa ngati mtsikana wa giredi 5. Sindinawaonepo akusewera chibadwire changa. Madzulo, tikudya nsima ndi nsomba yowotcha, anandifunsa osandiyang'ana kuti pasipoti amatenga bwanji ndipo imatuluka pakapita nthawi yaitali bwanji.

Lero tsamba lija lili ndi mizere itatu, wanga, wa amai ndi wa alongo anga. Vuto la bogi latha lokha, poti amai adzagona ndi mwana wawo wamkazi, ine kwa amuna. Diso lakumanzere likudikira tsiku lake ndipo lili pamwamba pa mndandanda, pamwamba pa sitima ndi boti. Ndalama sizinakwane. Mwina kubwera maliro, mwina dola ikwera, mwina mvula ikananso. Ndikatapa ndimalemba kuti ndatapa, ndipo Loweruka lotsatira ndimayambiranso. Mnzanga uja akabwera kudzameta amafunsa kuti, "Zafika pati za mchenga?" Tsiku lina anasiya K50 ya chenji n'kunena kuti ndikamubweretsere madziwo m'botolo, alawe yekha, chifukwa mawu a munthu wakum'mawa sawakhulupirira.

Sabata yatha ndinatsegula kabati ya mbale kufuna kapu ya mlendo, ndipo ndinapeza pamalo pa chigoba pali bwalo loyera pakati pa fumbi. Ndinafunsa amai ngati adzukulu achiswa.

"Chili m'chikwama changa, pamodzi ndi pasipoti," anatero. "Chakhala kwathu zaka zambiri. Nachonso chili ndi kwawo."